Njiri Sadakhalepo Pampando

Padangokhala, ndipo muvomere nonse kuti tili tonse, ngakhale inu amene muli ndi abale ovala mikanjo yakuda.

Kalekale nyama zidatopa ndi mafumu obadwa nawo ufumu, zidagwirizana zoti mtsogoleri azichita kusankhidwa. Zidasema mpando wa mtengo wa mkuyu, n'kupanga lamulo limodzi lokha, lalifupi ngati mchira wa mbuzi: wokhala pampando ndiye mtsogoleri, ndipo akhalepo mvula ziwiri basi. Lamulo limeneli ngakhale mwana wa chule ankalidziwa pamtima.

Pa chisankho china adapambana ndi Njiri. Musafunse kuti adapambana bwanji ndi nkhope ija, funsani kuti mlangizi wake adali yani. Adali Msulu, kanyama kochepa thupi koma kotalika lilime. Ntchito yake yeniyeni idali yodya nkhupakupa za pathupi pa Njiri, ndipo popeza nkhupakupa zonona zimabisala kuseri kwa khutu, Msulu adapezeka kuti pakamwa pake pali pafupi ndi pomwe nkhani zimalowera. Adayamba kudya uku akulangiza.

Tsono Njiri, monga mukumudziwa, khosi lake ndi lalifupi, sangadye chili pansi osagwada. Msulu adaona kuti apa pali mavoti. Pa msonkhano uliwonse wa kampeni ankalawirira kukakwirira timizu totsekemera kutsogolo kwa khamu, ndipo Njiri akangofika n'kununkhiza, maondo pansi.

"Mwaona?" ankakuwa Msulu. "Ndi mtsogoleri uti adakugwadiranipo chibadwire? Uyu akugwadira inu amphawi!"

Nyama zinkagwetsa misozi. Amayi a chipani, a Nkhanga, onse atavala nsalu imodzi ya mawangamawanga, adapeka nyimbo yotamanda maondo a Njiri. Woyambitsa ankafunsa chimene chidakhakhalitsa maondowo, anzake n'kuvomera kuti ndi chikondi, uku akuponda mwendo pansi. Nyimboyo idali yokoma moti ngakhale otsutsa ankapezeka akuiimba posamba.

Atapambana, Njiri adauzungulira mpando uja, adaununkhiza, n'kuona kuti msinkhu wake ndi woyenera kuikapo mbale. Kuyambira tsiku limenelo ankagwada patsogolo pake m'mawa, masana ndi madzulo, nyama n'kumauzana kuti taonani ulemu, akugwadira ngakhale mpando.

Mvula yoyamba idagwa. Yachiwiri idagwa n'kukata. Tsiku lina Msulu ali pantchito yake kuseri kwa khutu, Njiri adayankhula.

"Msulu, ndikumva kuti nthawi yanga yatha."

"Lamulo likutero, bwana."

"Lamulolo limadya chiyani?"

"Silidya, bwana."

"Ndiye likudziwa chiyani za kusiya mbale? Tamvera. Ndikufuna mvula yachitatu. Ukandipezera, tipitiriza kudya. Ukalephera, chulu chako chija ndichikumba mpaka pansi. Ndamva kuti akazi ako achira kumene."

Msulu adaseka monga amasekera wantchito bwana akanena zosaseketsa. M'chulumo mudali mkazi wake Nachisale ndi tiana tosaphenya, toti sungathawe nato. Adachita mantha, mantha enieni, ndipo tsiku limenelo nkhupakupa sizidamukomere.

"Paja ndinakuuzani," adatero Nachisale atamva nkhaniyo. "Wakwata kwa mphezi saopa kung'anima. Lero mukunjenjemera chiyani?"

"Mayi, ino si nthawi ya miyambi."

"Nanga ndi ya chiyani? Munamukweza ndi pakamwa panu, muchotse mano ake pakhomo panga ndi pakamwa pomwepo."

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Msulu adaulunjika wa ku yunivesite, kumene akhwangwala ankaphunzitsa malamulo. Kapena inu mumayesa kolala yoyera ija ndi mkanjo wakuda adabadwa nazo? Adachita kuphunzirira. Kumeneko adapeza Pulofesa Khwangwala, amene adalemba buku lonenepa lofotokoza lamulo la mzere umodzi lija.

"A Pulofesa, kodi lamulo lingapindike?"

"Lamulo silipindika, mwana wanga. Amapindika ndi mawu ake." Pulofesa adatsokomola. "Komabe mlandu wotere ndi woopsa. Ine ndine mphunzitsi, si wandale."

"Zoona, khwangwala wamantha adafa ndi ukalamba," adatero Msulu, "koma sindinamvepo kuti adafa wonenepa. Boma lili ndi mazira, a Pulofesa. Alawansi ya mazira tsiku lililonse khothi likakumana."

Pulofesa adakonza kolala yake.

"Mwati mlandu uyamba liti?"

Otsutsa boma, motsogozedwa ndi Njati, atamva kuti Njiri wapeza loya wa ku yunivesite, nawonso adathamangira komweko n'kulemba Dokotala Khungubwe, wa khomo loyang'anana ndi la Pulofesa. Awiriwa ankabwera ku khothi limodzi, kutukwanana m'Chilatini mpaka masana, kenaka n'kukadyera mbale imodzi. Woweruza adali Bilimankhwe. Adamusankha chifukwa diso lina limayang'ana wodandaula pamene lina likuyang'ana wodandauliridwa, koma adaiwala kayendedwe kake kochedwa.

Tsiku loyamba Pulofesa adagwira mawu oti mvula.

"Wolemekezeka, lamulo likuti mvula ziwiri. Kodi ya chaka chatha ija inali mvula? Anali mawawa chabe. Mvula yosadzaza chithaphwi si mvula pamaso pa lamulo. Bwana wanga wangolamula mvula imodzi ndi mame."

Khungubwe sadatsutse. Adangopempha kuti amayi a chipani aimbe nyimbo yawo monga adaiimbira pa msonkhano wapitawo. Msulu adawakodola, adawatsinzinira diso, koma nkhanga ikamva ng'oma siona za diso. Adaimba za maondo, n'kufika pa ndime yatsopano yonena kuti Njiri atagwada idagwa mvula yoti mvuu zinkasambira m'minda. Ndimeyo adapeka ndi Msulu yemwe. Bilimankhwe adasintha mtundu pang'onopang'ono, n'kugamula kuti mvula yoimbidwa ndi chipani cholamula ndi mvula ndithu.

Madzulo asanafike Njiri adapita kuchulu, adagumula mbali imodzi ndi dzino lake.

"Ichi ndi chikumbutso chabe," adatero, n'kumapita.

Pulofesa adachita apilo. Ulendo uno adagwira mawu oti mtsogoleri.

"Wolemekezeka, mtsogoleri ndi wotsogola. Bwana wangayu sanatsogolepo. Pa ulendo uliwonse amatsogola ndi a Fisi, mkulu wa asilikali, iye ali m'mbuyo. Choncho lamulo la mtsogoleri silikumukhudza."

Bilimankhwe adatembenuzira diso limodzi kwa Pulofesa, lina kwa Fisi.

"Ndiye mukuti nthawi yonseyi mtsogoleri wathu ndi Fisi?"

Fisi adaimirira, adanyambita milomo, n'kuyamba kuyang'ana Mbawala ngati akumuona koyamba. Khothi lonse lidakuwa, Njati ndi Njiri yemwe pamodzi, ndipo Pulofesa adabweza mawu ake msangamsanga, nati adangopereka chitsanzo. Pobwerera a Nkhanga adaimbabe nyimbo ija, poti adali atavala kale nsalu, koma idamveka ngati ya pamaliro. Woyambitsa ankafunsa za maondo, ovomera n'kumachita ulesi kuyankha.

Msulu adafika kunyumba n'kupeza chulu chagumuka mbali yachiwiri, Nachisale ali pakhomo, fumbi lili mbuu kumutu.

"Wabweranso?"

"Wabwera. Koma lero wagwada."

"Wagwada? Kupepesa?"

"Inunso abambo! Wakumba mpaka wafika pa mizu ija ili pansi pa chipinda cha ana, wanunkhiza, wagwada. Dziko lonse lingapusitsike, koma inu mukudziwa chimene amagwadira. Apambane mlandu kapena alephere, ameneyu abweranso."

Msulu adadziwa kuti mkazi wake akunena zoona, ndipo chidamuwawa kwambiri n'chakuti bodza lake lomwe ndilo lidamuuza zoonazo. Adayamba kulibwereza lamulo lija chamumtima, kuyambira kumchira kupita kumutu. Onse ankalimbirana za mvula ziwiri, theka loyamba palibe ankalikumbuka. Atafika pamenepo adaima, ndevu zake zidagwedera.

M'mawa mwake adapita kwa Pulofesa atanyamula mazira.

"A Pulofesa, ine ndine mbuli, mundithandize. Kodi kugwada ndi kukhala n'chimodzi?"

"Chimodzi bwanji? Kugwada n'kwa maondo, kukhala n'kwa matako. Zimenezi timaphunzitsa chaka choyamba."

"Ndangofunsa, poti bwana wanga chilowereni m'boma sindinamuonepo atakhala pampando uja. Amangodyerapo."

Dzira lidaima pakhosi pa Pulofesa. Atalimeza adati, "Mfundo imeneyi ndakhala ndikuiganizira kwa nthawi yaitali."

"Ndinadziwa, a Pulofesa. Kapenanso mumafuna kunena kuti mpandowo ubwere kukhothi ngati umboni?"

"Wanditsogolera pakamwa, mwana wanga."

Pa tsiku la mlandu wachitatu mpando udaikidwa pakati pa bwalo. Pulofesa adauzungulira, mapiko ali kumbuyo.

"Wolemekezeka, yang'anani ndi maso anu onse awiri. Pali ubweya wa njiri apa? Palibe. Pali msuzi, pali nyenyeswa, pali madovu. Lamulo likuti akhalepo mvula ziwiri. Bwana Njiri, kodi inu munakhalapo pampando uwu?"

"Sindinakhalepo!" adabangula Njiri mokondwa. "Ngakhale tsiku limodzi. Ndikulumbira pali malemu amayi anga!"

Khungubwe adayesa kunena kuti kukhala kuli mitundumitundu, kuti munthu amakhala pabanja osaikapo matako, koma Pulofesa adamufunsa ngati banja lili ndi miyendo inayi, ndipo khothi lidaseka. Bilimankhwe adanyamula mwendo, adaubweza, adaunyamulanso, mpaka nyama zina zidapita kukamwa madzi n'kubwerako. Potsiriza adagamula kuti Njiri sadakhalepo pampando, choncho mvula zake sizidayambe kuwerengedwa.

Kudali nthungululu. A Nkhanga adaibweza nyimbo ija ili yamoto, fumbi lidabuka. Njiri adatuluka kukalandira ulemu, ndipo pakhomo penipeni pa khothi mphuno yake idamva timizu totsekemera. Mukudziwa amene adatikwirira. Maondo pansi, khamu m'manja.

Pamene onse ankayang'ana kukhomo, Msulu adangoti jowu, n'kukhala pampando. Adakhala bwinobwino, matako onse awiri, manja pachifuwa.

"Wolemekezeka," adaitana, "mbuli ifunseko. Lamulo lija limayamba bwanji?"

Diso limodzi la Bilimankhwe lidabwerera m'khothi, linzake lidatsatira.

"Wokhala pampando ndiye mtsogoleri."

"Zikomo. Ndimangofunsa."

Njiri adadzuka mizu ili kukamwa.

"Pulofesa! Tamuuzani wakubayu atsike!"

"Bwana wakale," adayankha Pulofesa mwaulemu, "mwalumbira nokha pali malemu mayi anu kuti simunakhalepo. Komanso ine anandilemba ntchito ndi boma, ndipo boma ndi ilo lakhala apolo."

Fisi adayenda mwakachetechete n'kukaima kumbuyo kwa mpando. A Nkhanga, amene paja adapangana kusanapse, sadaphonye ngakhale phazi limodzi. Nyimbo idali yomweyo, mavinidwe omwewo, koma tsopano woyambitsa ankafunsa kuti n'chiyani chaching'ono chadzaza mpando, anzake n'kuvomera kuti ndi matako a Msulu. Lamulo loyamba la Msulu lidali loti asilikali akalondere chulu.

Mukuyesa zidathera pamenepo? Msampha umene Msulu adatchera udagwira ndi mchira wake womwe. Ngati wokhala pampando ndiye mtsogoleri, ndiye kuti wodzukapo si kanthu. Nyama zonse zidaizindikira mfundoyi popanda kupita ku yunivesite. Zidauzinga mpando uja, ndipo patsogolo pa zonse padali Njiri, amene tsopano ankayenda chobwerera m'mbuyo, matako atalozetsa kumpando, kudikira kuti Msulu angoti nyamu. Msulu ankadyera pomwepo, kugona pomwepo, zina tisanene. Ankadziwa kuti akangodzuka, Fisi asintha bwana, ndipo ntchito yoyamba ya Njiri ikakhala kuchulu.

Nachisale ankamubweretsera chakudya m'dengu. Tsiku lina adaika dengu pansi, osamuyang'ana kumaso.

"Ana aphenya," adatero.

"Aphenya? Onse?"

"Onse. Dzulo ndinawatulutsa pakhomo, ndinawalozera kuno kuti bambo anu ndi awo. Wamng'ono uja akuti kodi bambo athu ndi amiyendo inayi yamitengowo?"

Msulu adafuna kuseka koma misozi ndiyo idabwera. Adapulumutsa nyumba yoti sangalowemo, ana oti sakumudziwa. Adayang'ana mpando umene adakhalirawo, adaukanda ndi chikhadabo, n'kuweramira kukhutu kwa mkazi wake.

"Mayi, mawa pansi pa dengu muikeko chiswe cha kwathu. Chanjala."

Nachisale adamuyang'ana koyamba tsiku limenelo.

"Apa ndiye mwayankhula ngati bambo wa ana."

Kuyambira pamenepo dengu linkabwera ndi chiswe chanjala n'kubwerera ndi chokhuta. Asilikali ankalifufuza pamwamba pokha, poti pamwamba ndi pomwe pamakhala nyama. Chiswe nacho chimadziwa ntchito yake, chimadya m'kati n'kusiya khungu lili bwinobwino. Msulu adayamba kukhala mopepuka, kupuma mosamala, kuyetsemula adasiyiratu. Tsiku lina adagogoda mwendo wa mpando, udalira ngati chikho chopanda kanthu, ndipo adaitanitsa msonkhano wa dziko lonse, maloya ndi woweruza omwe.

"Abale anga," adayamba, "ine ndine nyama ya demokalase. Ena amafuna mvula zitatu, ine ngakhale imodzi yandikwana. Ndikutula pansi udindo. Ndipo popeza bwana wanga wakale sanaulaweko mpandowu, ndi bwino ayambe ndi iyeyo."

Adatsikira dala mbali imene kudali Njiri. Njiri sadadikire kuti a Nkhanga apeze mawu atsopano. Adabwerera m'mbuyo mwaliwiro, adakankha Njati, n'kudziponya ndi thupi lake lonse.

Phwata! Mpando udangoti fumbi koboo. Akulu adati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, koma uwu ngakhale nyerere zikadapeza mutatha kale.

"Ndakhala!" adakuwa Njiri ali m'fumbimo, miyendo m'mwamba. "Mwaona nonse, ndakhala!"

"Wakhala pansi," adatero Khungubwe.

"Wakhala pa fumbi la mpando," adatero Pulofesa, amene adali atayamba kale kusunthira kumbali ya Njiri. "Ndipo fumbi la mpando, malinga ndi buku langa..."

"Wolemekezeka," adadula Msulu, "mbuli ifunseko komaliza. Chinthu chikadyedwa chimakhala kuti?"

"M'mimba mwa wodyayo," adayankha maloya onse awiri pamodzi, poti zimenezi ndiye ankazidziwa bwino.

"Ndangofunsa, chifukwa ndaona chiswe chokhuta chikulowa m'chulu changa. Mwina mpando wa dziko uli m'menemo. Mwinanso chulucho ndicho mpando tsopano. Ine sindikudziwa, sindinapite kusukulu."

Pulofesa adayang'ana Khungubwe, Khungubwe adayang'ana Pulofesa. Onse awiri adaona mlandu woti udyetsa iwo, ana awo ndi zidzukulu zomwe. Kwa nthawi yoyamba chiyambire adaimirira limodzi n'kupempha chinthu chimodzi, chiletso. Ndipo kwa nthawi yoyambanso Bilimankhwe sadachedwe. Adalamula kuti pasapezeke wokumba, wokanda, ngakhale wonunkhiza chulu cha Msulu mpaka khothi litagamula ngati chulu chokhala ndi mpando m'mimba ndi mpando kapena ayi. Wophwanya chiletsocho akaonana ndi Fisi.

"Nanga mizu ija?" adafunsa Njiri ndi mawu aang'ono.

"Mizu ndi mbali ya umboni," adatero Pulofesa.

A Nkhanga adasowa woti amutamande, poti padalibe mtsogoleri wodziwika, ndiye adangoimba nyimbo ija yopanda dzina la munthu, funso lokhalokha, yankho n'kumang'ung'udza.

Msulu adathamanga osacheuka. Atafika adapeza ana ali pakhomo, maso ali gwa pa iye. Wamng'ono uja adabisala kumbuyo kwa mayi ake.

"Amayi, uyu ndani?"

"Ndi bambo anu, mpando auvula," adatero Nachisale. "Lowani abambo, koma lilime lanulo mulisiye panja."

Msulu adalowa, ndipo tsiku limenelo sadalangize aliyense.

Mlandu suwola, ndipo umenewu sudathe mpaka lero. N'chifukwa chake mukaona akhwangwala atasonkhana mumtengo akukangana, musawaponye miyala, khothi lili m'kati. Njiri naye amalowabe kuuna kwake chobwerera m'mbuyo, matako patsogolo, kuti mwina mpando angaupeze m'menemo. Masiku ena amabwera kudzagona pafupi ndi chulu, akuti akudikira chigamulo, ana a Msulu n'kumamudya nkhupakupa. Ndipo Msulu, ngakhale adati udindo adatula, m'mawa uliwonse amakwera pamwamba pa chulu n'kukhalapo, matako onse awiri, akucheukacheuka. Nachisale akamufunsa amati akuwotha dzuwa.

Nthano ndiye yathera apa. Amene munaika mbatata pamoto kaphuleni, musadikire chigamulo.